Chitenje Chimene Anang'amba a Yonasi

Senderani kuno, ana inu, mphasa ikadali ndi malo. Iwenso Lameki, tsamiritsa njingayo ukhale pansi, ndiwe malume wake wa Yankho, nkhaniyi ndi yako. Manja aziswa mtedza, makutu akhale kwa ine. Mumandiseka kuti ndikamapita ndi mdzukulu wanga wamwamunayu, Yankho, kuchipatala ndimanyamula katundu ngati ndikusamuka. Lero mumve kumene ndinazitenga.

Ndikakumbukira aNambewe, ndimamva fungo la utsi wa makoko a mtedza. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, kwathu kwa Mlonyeni, ine ndili mtsikana wosatha msinkhu. Amuna awo anawoloka malire kukagulitsa nsalu ku Zambia osabwereranso, choncho panalibe wowagwetsera mtengo wa nkhuni. Ankasonkhera makoko, ndipo utsi wake woyabwa kukhosi unkalowa m'denga, m'tsitsi, ndi m'chitenje chakale chimene sichinkachoka paphewa pawo, chimene maluwa ake anali atafufutika ndi kuchapa.

Anali ndi mwana mmodzi, Sitefano, wobadwa chaka chimodzi ndi ine koma wamtali ngati mnyamata wolima kale fodya wake. Sankayankhula. Ukamuitana sankakuyang'ana. Ankakhala pansi pa chigafa cha fodya kumazunguza chitsononkho pakati pa zala mpaka dzuwa kupendeka. Belu la tchalitchi likalira, kapena munthu akamugwira modzidzimutsa, ankatseka makutu n'kumadziwombetsa mutu kukhoma. Anthu ankanong'ona kuti bambo ake anamukhwimira kuti malonda ayende. ANambewe akamva ankangoti, "Akanakhwima, bwenzi ine ndikusonkhera makoko?"

Mayiyo anali ndi njira yake. Sitefano akayamba kudziwombetsa, sankamuthamangira ayi. Ankaima patsogolo pake kuti awaone, n'kuyamba afunda okha chitenje chija. Kenaka ankachitambasula n'kudikira, nthawi zina mpaka ndiwo kupserera pamoto. Mwanayo ankabwera yekha n'kutembenuka, iwo n'kumukulunga mapewa mothinitsa, ndipo unkaona thupi lonse likufewa pang'onopang'ono, mphuno ataiika pansalu. Chilichonse ankayambira pa iwo eni, kumeta, kusamba, kuzula minga. "Uyu sagwidwa," ankatero. "Amabwera."

Chaka china, nthawi yosoka fodya, Sitefano anaponda msomali. Phazi linatupa mpaka kunyezimira, ndipo anamutengera kuchipatala pangolo. Ine ndinali komweko kale, ndikuphikira amayi anga amene anali kuchidikiro kudikira kubereka, ndiye izi sindinachite kumva.

Pakhomo paja anamuyang'ana kutalika n'kunena kuti kuwodi ya ana sangagone, apite ya amuna. Ndipo kuwodi ya amuna womudikirira ankayenera kukhala mwamuna. Akazi ankangolowa nthawi yoona odwala. ANambewe anagwada.

"Adokotala, uyu n'kutalika chabe. Popanda ine salola kugwidwa."

Bamboyo sanali wankhanza. Anali wotopa, odwala ena atagona pansi pakhonde. "Mayi, m'menemo muli amuna osavala. Amalume ake alipo?"

Analipo. A Yonasi, mlongo wawo wa aNambewe, mwini mbumba, munthu wovala jekete ngakhale kumunda, amene nthawi zonse ankati mwanayo sadwala kanthu, anangomusasatitsa mayi ake.

ANambewe anazungulira kuseri n'kukakhala pansi pa zenera loyang'anana ndi bedi lake, ine n'kuwatsatira. M'katimo mabeseni ankagundana, kangolo ka mankhwala kakulira matayala, fungo la mankhwala okolopera likutulukira mpaka panja. Itakwana nthawi yotsuka bala tinamva kukuwa, kenaka bedi kugunda khoma. ANambewe anagogoda pazenera mpaka a Yonasi anasuzumira, jekete litasosoka paphewa.

"Mwana wako waluma munthu. Wandichititsa manyazi."

"Achimwene, landirani ichi." Anakweza chitenje chija n'kuchilowetsa pakati pa zitsulo. "Muime patsogolo pake. Muyambe mwafunda inu, akuoneni. Kenaka mutambasule, mudikire. Abwera yekha."

"Ine ndifunde chitenje? Amuna anzanga akuyang'ana?"

"Kanthawi kochepa chabe, achimwene. Ndapota nanu."

A Yonasi anachiyang'ana, n'kuchikoka ndi manja awiri ngati munthu wogula chingwe pamsika. "Chabwino. Khala pansi."

ANambewe anali wamfupi, maso awo sankafika pazenera. Ine ndinakwera pa njerwa. Ndinaona a Yonasi akuluma m'mphepete mwa chitenje n'kuching'amba kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Kulira kwa nsalu ija ndimakumvabe. Anang'ambanso, n'kung'ambanso. Amuna odikirira odwala ena anamupanikiza mwanayo, iwo n'kumumanga manja ndi mwendo wabwino uja kuzitsulo za bedi.

Sitefano analeka kukuwa. Anapotoza khosi n'kununkhiza nsanza imene inamanga dzanja lake. Ananunkhiza nthawi yaitali. Kenaka anangoyang'ana kudenga, ndipo anamutsuka bala lonse osagwedezeka.

"Watonthola," anatero aNambewe pansi paja, akumwetulira. "Wabwera yekha eti?"

"Amumanga, amayi."

"Ndi chiyani?"

Ndinawauza. Sanalire. Anangogwira paphewa pamene pankakhala chitenje.

Belu loona odwala litalira analowa patsogolo pa aliyense n'kumasula mfundo zonse ndi mano. Mwanayo anadzikokera kukhoma. Iwo anavula duku, n'kufunda pamapewa, n'kulitambasula, n'kuima. Anthu ankawapitirira ndi mabasiketi a zakudya, ena akuimba nyimbo za pemphero pabedi loyandikana. Anaima chomwecho mpaka belu lotulutsa anthu linalira. Sanabwere.

Bala linapola, ndisaname. Ndipo a Yonasi anayenda m'mudzi monse akunena kuti mwana wamwamuna amafuna dzanja la mwamuna, anthu n'kumavomereza. Anakalamba bwino, anakhala mkulu wa mpingo, pamaliro awo anthu anachokera mpaka kwa Dambe.

Sitefano anabwerera kumudzi akuyenda ndi miyendo yake, koma m'nyumba ya mayi ake sanalowemonso. Ankagona m'chigafa. Chakudya ankamuikira pamwala n'kuchokapo. Akangomva utsi wa makoko ankathawira kudambo, choncho aNambewe analeka kusonkhera makoko n'kuyamba kukatola nkhuni kutali, msana utapindika. Anagula zitenje zatsopano, za maluwa, za mbalame. M'mawa uliwonse ankaima patsogolo pa chigafa, n'kufunda, n'kutambasula. Ine ndinatha msinkhu, ndinakwatiwa, ndinabereka amayi ake a Yankho, ndikuwaonabe ataima pamenepo. Sitefano anamera ndevu. Chinamutenga ndi chifuwa chimene ena ankachira nacho ndi mankhwala, chifukwa iye ankati akaona ngolo ikulowa pabwalo ankathawira kutchire. ANambewe anamutsatira dzinja lotsatira.

Ndiye Yankho uyo ali apoyo, akuzunguza chitsekerero cha botolo. Masiku ano zimenezi zili ndi dzina, namwino wina wachitsikana anandiuza kuti ndi otizimu, n'kundipezera kabenchi kakuseri kopanda phokoso. Dzinalo n'labwino, koma mzere wa kuchipatala ukadali womwe uja. N'chifukwa chake ndimanyamula chitenje chake, kapu yake, ndi thonje la m'makutu. Ndikalowa ndimati, "Anesi, yambani mwandiyeza ine, aone." Ena amaseka n'kundiika kagalasi koyezera kutentha kwa thupi kaja m'khwapa. Ena amati, "Agogo, anthu ndi ambiri panja." Ndimati chabwino, tikhala omaliza, koma musamugwire.

Koma mwamuona mmene akukulira? Chaka chino wandifika m'khutu. Tsiku likubwera limene adzamuyang'ane kutalika pakhomo paja n'kufunsa ngati amalume ake alipo, ine n'kutsala pansi pa zenera.

Ndiye Lameki, siya mtedzawo. Imirira. Tenga chitenjechi, ukaime patsogolo pake, ufunde. Anzako ali pamsewuwo akuone, aseke mpaka atope. Ukatero utambasule, udikire. Ngakhale dzuwa lilowe, udikire.