Zipolopolo za tsiku limene kunabwera apongozi

Zaka zimene anthu ankathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzaza midzi ya m'malire, ine ndinali kapitawo wa alonda pa esiteti ina ya fodya kumtunda kwa Chowe. Bwana wa esitetiyo ankakonda mpikisano wowombera chandamale ndi mfuti ya m'manja. Mwezi uliwonse anzake, azungu ndi amwenye, ankabwera kuchokera ku boma la Mangochi ndi ku Monkey Bay, n'kumaboola mapepala kuseri kwa zigafa. Zipolopolo zatsopano zinkasowa, choncho makoko otsala akawombera tinkawatola, kuwatsuka, n'kuwadzazanso. Ntchito imeneyo bwana anandiphunzitsa ine, poti ziphaso anali nazo ndipo manja anga sankanjenjemera.

Si ntchito yovuta, koma imafuna munthu yense. Umaimika makoko pathabwa la mabowo, kuyeza onga pakasikelo, kuthira m'khoko limodzilimodzi, kenako n'kutseka ndi mtovu pakamakina kopanira. Lamulo linali lakuti ukayamba kuthira onga, sudzuka mpaka thabwa lonse lithe. Ukangotseka, khoko lopanda onga ndi lodzaza zimaoneka chimodzimodzi.

M'chipinda chimenecho ankalowanso bambo wina wa ku Mozambique amene ankakonza makina a esiteti. Tsiku lina, ali chiimire pakhomo, anandiuza kuti khoko limene ndinagwira lang'aluka pakamwa. Ine ndinali ndisanaone. Ndinawapanikiza ndi mafunso mpaka anaulula kuti kwawo anali msilikali wosamala mfuti, ndipo anathawa zitawakwana. Anandipempha kuti ndisunge pakamwa, chifukwa bwana anali atanenetsa kuti aliyense amene anagwirapo mfuti pa nkhondoyo, kaya wa mbali iti, asapezeke pa esiteti. Bamboyu anali ndi mkazi, ana atatu, nyumba ya pakampaundi ndi dimba kudambo. Ndinasungadi pakamwa, ndipo pa zimenezo zokha sindinalakwe.

Patapita zaka ziwiri ndikudzazira ena, bwana anati Loweruka limenelo ndiwombere nawo. Ndinasangalala ngati mwana, sindibisa. Ndinkafuna azungu ndi amwenye aja aone kuti wodzaza makoko amathanso kulasa.

Lachisanu masana ndinakhala pansi kudzaza zipolopolo zanga makumi asanu. Ndili pakati pothira onga, ndinamva odi pakhomo. Anali apongozi anga, bambo a mkazi wanga, amene anachokera ku Chembe kudzationa, ndipo atatuluka ku mzikiti anaganiza zodzaona kumene mkamwini amagwira ntchito. Ine ndine wa ku Ntcheu, si Msilamu, ndipo mwana wawo ndinamukwatira movutikira. Munthu wotere ungamuuze kuti adikire panja uyambe wamaliza thabwa? Ndinadzuka, ndinawapezera mpando pamthunzi, ine n'kunjuta poteropo.

Moni wa apongozi anga sunkatha msanga. Anafunsa za ine, za makolo anga ku Ntcheu, za mvula ya kumtunda kuno. Nane ndinafunsa za amayi, za alamu anga mmodzimmodzi, za mwera ndi usipa. Anandifotokozera za maliro awiri ndi sadaka imodzi. Pamene ndinkawaperekeza n'kubwerera m'chipinda, mutu unali utadzaza nkhani za ku Chembe. Ndinasuzumira pathabwa mwachisawawa, ndinadziuza kuti ndinalekezera mzere wachitatu, n'kupitiriza mpaka kutseka onse.

Bambo a ku Mozambique aja anali ataona zonse akukonza pampu pafupi ndi windo. Analowa n'kunena motsitsa mawu kuti ndimasule zipolopolo zonsezo ndiyambirenso. Ndinati nthawi palibe, apongozi akundidikira kunyumba. Anaumirira, ine mtima unapsa.

"Achimwene, inu nkhondo inakusiyirani mantha. Izi ndi zamasewera, si za kwanu."

Anatola sipanala yawo n'kutuluka. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Loweruka bamboyu anapatsidwa ntchito yosintha mapepala a chandamale, choncho ankadikira kumbuyo kwathu pamodzi ndi antchito ena. Gawo loyamba ndinalasa bwino, moti mmwenye wina wa sitolo ku boma anandiyang'ana kawiri. Gawo lachiwiri linali lothamangitsana ndi wotchi. Chipolopolo choyamba chinalira, chachiwiri chinalira, chachitatu chinangoti pfu. M'makutu munali thonje, mtima uli pa wotchi, ndipo ndinangoganiza kuti chaphonya. Chala chinali chitayamba kale kukoka chachinayi.

Ndinangomva munthu wandigwira mkono mwamphamvu n'kuutsitsa pansi, chala chake chachikulu atachilowetsa kutsogolo kwa kahamala ka mfuti kamene kamamenya chipolopolo kuti chilire. Anandilanda mfutiyo, anaitsegula, anakhuthula zipolopolo m'dzanja lake, zonsezo m'kanthawi kochepa kwambiri. Anaipereka kwa bwana chogwirira chili kutsogolo. Ine ndinali nditayamba kale kukalipa kuti wandiwonongera mpikisano.

Bwana anapisa kachitsulo mumpope wa mfuti n'kugogoda. Munatuluka mtovu umene unatsakamira pakati, wa khoko limene ndinatseka lopanda onga. Chachinayi chikanalira, mpope ukanandiphulikira m'dzanja. Koma bwana sankayang'ana ine kapena mtovuwo. Ankayang'ana wokonza pampu wake, amene anamva kulira kwa chipolopolo ali patali ndipo anatsegula mfuti ngati akusenda nthochi.

Lolemba bwana anawaitanira bambo aja ku ofesi. Ine ndinalowa nawo osaitanidwa, ndinafotokoza kuti wolakwa ndine, ndinachonderera, mpaka ndinakweza mawu. Bwana anati akuthokoza kwambiri, ndipo awalembera kalata yabwino, koma lamulo analinena pamaso pa antchito onse ndipo sangalibweze. Ine anangondiletsa kudzaza makoko miyezi itatu.

Bambo aja ndi banja lawo anachoka Lachinayi pa lole yopita ku boma, kuti akalembetse ku msasa wa othawa nkhondo. Chimanga cha kudimba chinali chitangoyamba ngaiyaye. Ndinathandiza kukweza mphasa, ndowa ndi ana, ndipo mkazi wawo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinali nditakonza mawu opepesa, koma nditafika pamaso pawo mawuwo anandithawa, ndinangotambasula dzanja.

Analigwira, analitembenuza, n'kuyang'ana zala.

"Zonse zilipo, akapitawo," anatero. "Basi, tapita."