Matayala Oyenera Msewu wa kwa Nchema

A Hillary Namakhwa adagwira ukalaliki ku boma zaka makumi atatu ndi ziwiri. Chachikulu chimene adaphunzirako n'chakuti nkhani imene sukufuna kuti ithe usaikane. Uilandire ndi manja awiri, uitsegulire fayilo.

Kwawo n'kwa Kadewere, koma adakwatira kwa Nchema, nakhala chikamwini pakati pa abale a mkazi wawo, a Nester. Atapuma ntchito adagula ka Toyota Starlet kakalekale. Lachitatu lililonse kankawatengera ku Nguludi, a Nester ali kutsogolo, dengu pamiyendo, akuchenjeza dalaivala za maenje amene dalaivalayo wawaona kale.

Chaka chatha a Nester adamwalira. Itakwana nthawi, abale adakhala pansi nawasudzula a Hillary mwaulemu wonse: mwatisungira bwino mbale wathu, tsopano ndinu omasuka kubwerera kwanu. A Hillary adathokoza. Adangopempha chimodzi, kuti adzachoke pa galimoto yawo, osati pa minibasi ngati munthu wothamangitsidwa. Galimotoyo inali pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala atatha mpaka mawaya kusuzumira.

"Palibe changu, alamu," adatero a Jeremiah, mlongo wa malemu, amenenso ndi mwini mbumba. "Mukapeza matayala mutiuze."

Mawu amenewa a Hillary adawalemba, ndi deti lomwe.

Kuyambira pamenepo ankapita ku Limbe kamodzi pa mwezi, atavala tayi, kwa Bwanali wogulitsa matayala a kaunjika. Poyamba adati munthu sagula chinthu asadafunse malo atatu. Atafunsa malo atatu, adapeza kuti mayankho awiri adalibe chidindo.

"Madala, awa ndi sayizi yanu yeniyeni," adatero Bwanali, akugubuduza tayala. "Taonani mano. Ine ndemwe ndilibe otere."

A Hillary adavala magalasi, nawerenga manambala a m'mbali.

"Lakalamba ili. Lamulo silingalole."

"Lamulo liti?"

"Lilipo. Lamulo silisowa."

"Nanga atsopanowa?"

"Kagalimoto kanga sikadazolowere zatsopano. Kangadzidzimuke."

Bwanali adawapatsa dzina loti a Komiti. Akangowaona akutsika minibasi ankakuwa: "A Komiti afika! Bisani matayala abwino, angawapeze chifukwa!"

Chimene Bwanali sankadziwa n'chakuti ukakhala pakhonde la a Hillary umaona nsonga za mitengo ya kumanda. M'mawa uliwonse ankamwera tiyi pamenepo, mpando atautembenuzira komweko. Kwa Kadewere adachokako ali ndi tsitsi lakuda lokhalokha. Kumeneko kuli adzukulu amene amawadziwa ndi dzina lokha, ndi khonde loyang'ana kumsewu.

Mvula idagwa, idatha. Nkhuku idaikira pampando wa dalaivala, nkuswa. Mu Juni a Jeremiah adabwera, nakhala pansi osavula chipewa.

"Alamu, Lydia, mwana wa mng'ono wa malemu, akukwatiwa mu Ogasiti. Alibe nyumba."

"Nkhani ya matayala ikuyenda, alamu. Yafika pabwino."

"Ikuyenda ndi nkhani, galimoto ili pa njerwa. Loweruka tipitira limodzi."

Adapitadi. Bwanali ataona kuti a Komiti abwera ndi tcheyamani, adatulutsa mitundu iwiri nkuimika pakhomo.

"Lero tisavutane. Awa ndi ofewa, a msewu wa tala, a munthu wongopita n'kukakhala. Awa ndi olimba m'mbali, a miyala ndi matope. Amalira pang'ono pamsewu, koma safa msanga. Funso ndi limodzi, madala: muziyenda msewu uti?"

A Hillary adapisa m'thumba kufuna magalasi, koma sadawatulutse.

"Wochokera kwa Kadewere kupita kwa Nchema," adatero. "Sabata iliyonse. Ngati eni mudzi salemba mlandu munthu wodzakhala pakhonde la eni."

A Jeremiah adayang'ana kumbali, nayamba kukanda tayala ndi chala ngati akulidziwa.

"Khonde si nyumba," adatero. "Lydia sadapemphe khonde."

"Ndiye ndipatse olimbawo," adatero a Hillary. "Asanu. Msewu umenewuja sufuna munthu wopanda sipeya."