Ndinali pa Chulu Maliro Akudutsa

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza kwa anthu a kwathu ku Mitundu. Ndimakhala pakhonde ndi laputopu, kuyankha maimelo a munthu amene sindinagwiranepo naye chanza, kumukonzera ndandanda ya misonkhano, kumukumbutsa zimene waiwala. Apongozi anga anayesa kumvetsa kawiri konse, kenako anangoti, "Basi, ndinu mlembi wopanda ofesi." Sanalakwitse. Chaka china ndinakhalanso mlembi wopanda bwana, chifukwa kasitomala mmodzi yekhayo amene ndinali naye anatseka bizinesi yake n'kunditsanzika ndi mawu okoma kwambiri.

Miyezi itatu ndinkangotumiza makalata. Ndikatha kusesa ndinkakhala pansi n'kulembera anthu osawadziwa, kuwauza zimene ndimatha. Ambiri sankayankha. Ena ankati apeza kale wina. Foni ikalira ndinkaithamangira, koma ndikayang'ana ndinkapeza uthenga wa gulu la amayi a kutchalitchi wokumbutsa za kukolopa Loweruka. Ndinayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, ndipo chakudya chinkandikanika. Ndinali ndi mantha, osati masewera.

Mkulu wanga amene amakhala ku Nathenje anatopa nazo. "Iwe, maloto akowo akwana," anatero pa foni. "Pali malo mu shopu ya mbewu ndi feteleza pafupi ndi siteji. Mwiniwake akufuna yankho Lolemba la sabata yamawa."

Ndinakwera kabaza kukaiona shopuyo. Ndinafika fumbi lili mpaka m'nsidze. Panali kauntala, matumba mpaka kudenga, fungo la mankhwala a mbewu, ndi maminibasi akukuwa panja tsiku lonse. Sinali ntchito yoipa. Koma ndinadziwa kuti ndikaima kuseri kwa kauntala imeneyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, laputopu yatsekedwa basi, pamodzi ndi zaka zitatu zimene ndinadziphunzitsa ndekha ntchitoyi. Ndinati, "Asisi, ndiyankha Lolemba."

Lachiwiri kunabwera imelo. Mayi wina wa kunja, wopanga sopo n'kumagulitsa pa intaneti, ankafuna tionane pa vidiyo Lachinayi nthawi ya 2 koloko masana. Ndinaiwerenga kanayi.

Lachitatu m'mawa kunamveka kulira kuseri kwa mpanda wathu. Bambo oyandikana nawo, amene ankakonza njinga pamsika, anali atatisiya. Bambo amenewa ndi amene anandinyamula pa njinga yawo kupita nane kuchipatala tsiku limene ndinabereka mwana woyamba, mwamuna wanga ali kutali. Analengeza kuti tikawaika Lachinayi masana.

Kwathu maliro akagwa, khasu limagona, ngakhale kumunda kukhale udzu wotani. Mzimayi amamanga duku n'kupita kukatunga madzi, kuphikira adzukulu okumba manda, kukhala ndi namfedwa. Wojomba samufunsa kanthu. Amangomusungira.

Mwamuna wanga anati, "Alembereni, muwauze kuti kwagwa zovuta. Asuntha tsiku."

"Ofuna ntchitoyi ndi angati inu?" ndinatero mokalipa. "Ndikangoti mawa, atenga wina lero lomwe."

Paja amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinadziona wochenjera. Ndinawerengera chonchi: maliro kwathu sanyamuka nthawi yake. Pamakhala olankhula ambiri, ndipo abusa athu akagwira ulaliki sautaya msanga. Bokosi silingachoke pakhomo 3 koloko isanakwane. Ine ndikhala nditamaliza kalekale, n'kubwerera pakati pa anzanga ngati sindinachoke.

M'nyumba sindikanalankhulira, chifukwa kulira kunkamveka ngati kuli pabalaza pathu, komanso vidiyo imadukaduka mmenemo. Malo amene netiweki imagwira bwino ndi pa chulu china cha m'mphepete mwa munda wathu, pafupi ndi njira ya kumanda. Chimanga chinali chitangofika m'mawondo.

Nthawi itayandikira ndinatenga chidebe ngati ndikupita ku mjigo. M'chidebemo munali bulauzi yoyera, foni ndi mafuta a pamilomo. Ndinasintha kuseri kwa chuluko, ndinavula duku, ndinakwera pamwamba n'kukhala. Sindinayang'ane kumwamba. Ndikanayang'ana ndikanaona mitambo yakuda imene anthu a pamaliro anali ataiona kale. Poopa mvula, olankhula anawadula, ndipo abusa, kwa nthawi yoyamba chibadwire, analalikira mwachidule.

Mayi uja anali wochezeka. Anandifunsa za makasitomala okwiya, ndinayankha bwino. Ananena nthabwala, ndinaseka kuposa mmene inkafunikira, monga amasekera munthu wofuna ntchito. Kuseka kuli m'kamwa, ndinamva nyimbo.

Anthu a maliro aja anatulukira pa mtengo wa mango. Kutsogolo mtanda, kenako amayi onyamula nkhata, kenako bokosi, ndipo pambuyo pake namfedwa, mkazi wa malemuwo, amayi awiri atamugwira mbali iyi ndi iyi. Mudzi wonse unali pamenepo. Kwathu maliro akamadutsa, wa pa njinga amatsika, wa chipewa amavula, woimirira amakhala pansi. Ine ndinali pamwamba pa onse, mutu uli pamtunda, milomo ikunyezimira, mano onse panja.

"Kodi ndi nyimbo yanji yokoma choncho?" anafunsa mayi uja.

Ndikanatha kunena zoona. Ndikanatha kudula foni n'kutsetsereka pachulupo. Koma ndinaona kauntala ya ku Nathenje ija m'maso mwanga, ndipo pakamwa panayankha pokha.

"Ndi kwaya ya kutchalitchi kwathu," ndinatero. "Ikuphunzira nyimbo."

Anasangalala kwambiri, anati ndikhale kaye chete amvetsere. Ndiye ndinakhala chete, foni ili m'mwamba, ndikumwetulirabe chifukwa kamera inali pankhope panga, bokosi la bambo aja likudutsa m'munsi mwanga. Apongozi anandiyang'ana kamodzi n'kugwetsa maso. Namfedwa anandiyang'ana nthawi yaitali. Palibe anasiya kuyimba.

Ndinafika kumanda akukwirira, duku lili lopendekeka, mvula itayamba. Amayi anzanga anandipatsa malo, koma malo ake aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna.

Ntchitoyo ndinaipeza. Imelo inabwera Lachisanu, ndipo Lolemba ndinauza mkulu wanga kuti shopu ipeze wina. Ndinkayembekeza kuti ndivina. M'malomwake ndinamanga mtolo wa nkhuni n'kupita nawo kuseri kwa mpanda. Ndinagwada pamaso pa namfedwa uja, ndinayamba kufotokoza.

"Zikomo nkhunizi, mwana wanga," anatero mayiwo. "Ntchito ndi ntchito."

Sanawonjezere kanthu, ndipo mpaka lero sanandinenepo choipa. Timapatsana moni. Koma kale mchere ukawathera ankangoitana pamwamba pa mpanda kuti, "Amake mwana, muliko?" Tsopano amadutsa pakhomo panga ndi kambale kawo n'kukapempha nyumba yachitatu. Ku mjigo ndikafika, pamakhala wina wonong'ona kuti, "Abwera a pa chulu." Ndimaseka nawo, nanga nditani.

Mayi wa sopo uja ndikugwira nayebe ntchito, chaka chachiwiri tsopano. Ndi munthu wabwino, ndipo saiwala zinthu zimene zinamusangalatsa. Lachisanu lililonse tikamamaliza kukambirana za sabata, amamwetulira n'kufunsa, "Nanga kwaya yanu ija ili bwanji?"

Ndimayang'ana ku mpanda uja, kenako ku kamera.

"Ikuyimbabe," ndimatero.