Moni Wanga ndi Kabichi wa Azakhali

Kwathu ndi kumtunda, kumene mtsinje wathu umayambira. Mvula ikagwa kuphiri, ife timaona madzi akukwera pamene anzathu a kumadimba, kumunsi, akadali padzuwa. N'chifukwa chake komiti yoona za ngozi inandiika pa gulu lake la pa foni. Ntchito yanga inali imodzi: madzi akamiza mwala umene tinaupaka laimu pamlatho, ndilembe uthenga.

Pagulupo panali apampando, akatekisi, aphunzitsi anga akale a sitandade 7, ndi azakhali, alongo awo a bambo. Anthu otere sungangowagwera ndi nkhani.

Lachiwiri lina masana mwala unamira. Ndinabisala mvula pansi pa mtengo wa paini n'kuyamba kulemba mosamala. Ndinapereka moni kwa aliyense monga mwa udindo wake. Ndinafunsa m'mene aswerera, ndinati ife kuno tili bwino, ndinapepesa powasokoneza pa ntchito. M'ndime yachitatu ndinanena za madzi. Ndinawerenganso kawiri ndisanatumize, kuopa kuti aphunzitsi angapezemo cholakwa.

Uthenga ukafika, foni imangoonetsa mzere woyamba. Azakhali anali kudimba, akudula kabichi. Anaona "Moni nonse, makolo anga," nati mwana waulemu uyu ndimuyankha madzulo. Foni anaibweza m'chitenje.

Patapita kanthawi yankho lawo linafika pagulu.

"Taswera bwino, kaya iwe. Ndili pachulu. Madzi andizungulira. Uthenga wako ndauwerenga wonse tsopano, mpata ndili nawo."

Azibambo anathamangirako ndi chingwe cha ng'ombe n'kuwakokera kumtunda. Kabichi yense anapita ndi madzi, ndi khasu lomwe.

M'mawa mwake ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza pakhonde atatambalala, miyendo ili yokandikakandika chifukwa cha bango. Ndinagwada chapatali n'kuyamba kufunsa m'mene adzukira.

"Wayambanso?" anatero azakhali. "Iwe, ukaona madzi, uzingonditukwana. Ndikamva kuti mwana wa achimwene wanditukwana, ndidzatuluka m'dimbamo ndi liwiro kudzakumenya."

"Sindingathe, azakhali."

"Ndiye uzingolemba kuti thawani."

Ndinakanda pansi ndi kamtengo. Kenako ndinafunsa ngati ndingawonjezereko mawu akuti chonde.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Nsapato zawo zinali padenga la khitchini, zikuchuchabe madzi.

"Kumapeto," anatero. "Uziika kumapeto."