Mphaka wa apongozi ndi chifuwa cha mwana wanga

Tinabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, pa lole, kudzera pachipata cha m'malire cha Cassacatiza. Kwathu kunali kutapsa, ndiye ndinapita chitengwa kwa amuna anga, kufupi ndi Nsadzo. Tinafika ndi zinthu ziwiri zonyadira: mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu, ndi mphaka wa apongozi anga aamuna. Onse awiri anali onenepa kwabasi.

Masiku amenewo kunenepa kunali umboni. Amene anatsala m'thengo anali nthiti zokhazokha, ndipo ife obwerera tinkafuna aone kuti sitinapite kukavutika. Apongoziwo ankathira mafuta ophikira ndi shuga m'phala la mwanayo ndi dzanja lawo, zotsala n'kupatsa mphaka. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ankamunyamula m'mwamba, azimayi n'kumamutsina ntchafu.

"Taonani mtenderetu uwu!" ankatero apongoziwo.

Koma mtenderewo sunkapuma bwino. Akangosewera ndi mphaka, maso kufiira, kuyetsemula, kenako m'chifuwa kulira ngati wina akuimba mluzu mkati. Ndinkamuyang'ana pakhosi pamene pankalowa mkati akamakoka mpweya, ndinkasiya mtondo, kusiya madzi pamoto, kumangoyang'ana.

Pakhomopo aliyense anali ndi chifukwa chake. Alamu anga aakazi anati ndi nsanje ya otsala. Amuna anga anati ndi madzi a kuno, mwana anazolowera a ku Zambia. Mphaka yekha ndiye analibe mlandu. Anali atadya nafe chakudya cha kumsasa wa othawa nkhondo, anakwera nafe lole, ndiye ankagona pamphasa ya mwana ngati mbale wake.

Tsiku lina masana milomo ya mwanayo inachita kuda. Sindinapemphe munthu. Ndinam'bereka, wolemera ngati thumba la chimanga, mpaka kuchipatala ku Chifunde, pena kuyenda, pena panjinga za achifundo.

Namwino wake anali bambo wowonda wosaseka. Anam'patsa mankhwala, atapezako bwino anamuika pasikelo, n'kundiyang'ana.

"Mayi, mukumunenepetsera ndani?"

Anandifunsa za ziweto, ndinatchula mphaka. Ndiye anandifotokozera pang'onopang'ono kuti mafuta a m'thupi sangokhala phee ayi. Amatulutsa timadzi tina topita m'magazi, timene timautsa asilikali oteteza thupi. Asilikaliwo akakhala okwiya kale, angoona tinyenyeswa ta pakhungu la mphaka, basi ayambitsa nkhondo m'chifuwa.

"Kunja kuno anthu anasaina mtendere," anatero, "koma a m'thupi mwa mwana wanu sanamve. Mphaka atuluke m'nyumba, mafuta ndi shuga zichepe."

"Bambo," ndinatero, "mphakayo ndi wa apongozi."

Apa ndiye anaseka. Ankadziwa. Mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ukakumana nawo panjira umapatukira m'tchire. Ndiye ine ndikawauze kuti phala lawo likudwalitsa mdzukulu? Amuna anga nawonso, pamaso pa bambo awo amasanduka mwana wa sukulu.

Koma ndinali nditaona chinthu chimodzi zaka zonse za kumsasa. Apongozi sankaopa mkango, sankaopa mfuti, ankaopa pepala lodinda. Pepala ndi limene linkatipatsa ufa, pepala ndi limene linatikweza lole.

"Tandilemberani," ndinatero, "ndipo mudindepo mwamphamvu."

Anadinda kawiri.

Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, n'kupatsira alamu pepalalo. Linali m'Chipwitikizi, chimene apongozi sadziwa, koma analigwira ndi manja awiri, atavula chipewa. Anaitanitsa akatekisiti kuti awawerengere. Mawa lake anasonkhanitsa banja lonse n'kulengeza kuti aganiza okha, ataona kuchuluka kwa makoswe, kuti mphaka akwezedwe udindo: azikakhala kunkhokwe ya kumunda. Botolo la mafuta analipereka kwa ine kudzera mwa alamu.

Mwanayo anayamba kuphwa. Chifuwa sichinathere pomwepo, koma mluzu uja unayamba kubwera patalipatali. Kutchalitchi anasiya kum'tsina. Azimayi omwe aja ankanong'ona kuti mtengwa wa ku Zambia uja akum'mana mwana chakudya, ena mpaka kundibweretsera mtedza mobisa, ati ndisachite manyazi.

Ndinkalandira, n'kuthokoza ndi manja awiri. Kenako ndinkamuitana mwanayo kuchokera kumene akuthamanga ndi anzake, n'kuika khutu pamsana pake.

"Amayi, ndisiyeni, akundidikira!"

Ndinkam'gwirabe pang'ono. Mkatimo munali zii.