Batani la Achemwali Anga

Achemwali anga analowa koleji ali ndi imvi. Sindikunena imvi ziwiri zobisala kuseri kwa khutu ayi, koma zenizeni, zomwe ndinkalimbana nazo mu saluni yanga mpaka eniake anandiletsa kuzipaka mankhwala. Anati mutu ndi wawo, uzioneka mmene ulili.

Moyo wawo wonse anali wotaipa. Anayambira pa makina aphokoso aja a riboni, mu ofesi ya inshuwalansi yomwe inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, kenako anawaikira kompyuta. Mabwana ankabwera n'kumapita, iwo ali pampando womwewo, pafupi ndi zenera losatsekuka. Kalata ikatuluka bwino, woyamikiridwa anali bwana. Ikapita ndi tsiku lolakwika, lomwe bwanayo analemba yekha ndi dzanja lake, ankanyamula foni n'kunena kuti, "Pepani, ndi wotaipa wathuyu." Achemwali ankamva zonse chifukwa khoma linali la thabwa. Ankangolowetsa pepala lina.

Mabwana ataphunzira kudzitaipira ndi zala ziwiri, anawathokoza ndi wotchi yapakhoma n'kuwauza kuti akapume. Tonse tinkayembekeza kuti atsegula kasitolo pakhomo. Iwo anakalembetsa maphunziro a makompyuta, aja opangira makampani mapulogalamu oyendetsera ntchito. Alamu, amuna awo, anaseka mpaka kutsokomola, koma m'mawa mwake anawaperekeza pa basi.

Ndisanamize munthu: achemwali sanali katswiri wobisika. Zala zinali ndi liwiro, koma zinthu zimenezi zinkalowa m'mutu mokwawa. Mayeso ankangodutsa pang'onong'ono, ena ankachita kubwereza. Chomwe anali nacho ndi liuma, ndipo liuma limenelo ndikulidziwa kuyambira tili ana, tikulimbirana bulangete.

Chaka chomaliza kuli phunziro limene sachitira m'kalasi. Mphunzitsi amagawa ophunzira m'magulu, gulu lililonse n'kulitumiza ku bizinesi yeniyeni kuti likaone mavuto a kumeneko ndi kupanga pulogalamu yothandiza. Gulu la achemwali linali la anyamata awiri, mtsikana wa magalasi, ndi iwo. Anawo ankawatchula kuti Anti. Mtsogoleri wawo, mnyamata wamtali wovala tayi ngakhale kukutentha, anzake ankamuti Tcheya.

Anawatumiza ku galaja ina ya kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Vuto la mwini galajayo linali foni. Iye ali chagada pansi pa galimoto, manja ali girizi yekhayekha, makasitomala ankangoimba kufunsa ngati galimoto zawo zakonzedwa. Gululo linagwirizana zopanga pulogalamu yosunga galimoto iliyonse ndi nambala ya mwini wake, komanso batani loti akalidina, mwini galimoto alandire uthenga woti adzaitenge.

Pogawana ntchito, Tcheya anayankhula mwaulemu zedi. Mwanayo sanali wamwano ayi. Ankawasiyira mpando, ankawanyamulira chikwama.

"Anti, inu musavutike," anatero. "Muzitilembera zokambirana pamisonkhano, ndipo mudzatitaipire lipoti, poti zala ndiye muli nazo. Pulogalamu tipanga ife. Dzina lanu lidzakhalapo ndithu."

"Zonena za anthu ndinayamba kulemba iwe usanabadwe, mwanawe," achemwali anayankha. "Undipatse batani la mauthengalo."

"Anti, limenelotu ndiye lovuta."

"Ndiye lomwelo."

Atandifotokozera, ndinawauza kuti anthu amachita kupempherera mwayi woterowo, wonyamulidwa pamsana mpaka kukalandira digiri. Anandiyang'ana ngati ndawapaka mankhwala olakwika. Iwo sankafuna dzina pachikuto. Ankafuna kuti, asanafe, pakhale chinthu chimodzi chogwira ntchito pamalo penipeni chimene anganene kuti anapanga ndi iwo.

Kunyumba kwawo kunali phokoso la zidzukulu, choncho masana ankabwera ku saluni, n'kukhala pakona pakati pa beseni ndi chowumitsira tsitsi, kompyuta ili pamiyendo. Ankayankhula nayo ngati mwana wosamva. Makasitomala anga anazolowera kumva, "Iwe, ndakulakwira chiyani?" kuchokera pakonapo. Wamagalasi uja ankabwera kudzawaona, ndipo tsiku lina anawanong'oneza kuti iye walemba kale zonse, akhoza kungowatumizira.

"Undionetse pomwe ndasochera," achemwali anatero, "koma manja ako uwaike m'thumba."

Batani linagwira ntchito pamapeto pake. Analiyesa kangapo, ndipo uthenga unkafika pa foni ya Wamagalasi bwinobwino. Chomwe sanaganizire n'chakuti poyesapo mu pulogalamumo munali galimoto imodzi yokha, yongopeka.

Tsiku loonetsa ntchito anandikokera komweko kuti ndikaombe m'manja. Ofesi ya galajayo inali kachipinda kochepa konunkha petulo, kalendala ili ndi zidindo za zala zakuda, kompyuta ataiika pafupi ndi chitini cha mabawuti. Mphunzitsi wawo, mayi wa nsapato zazitali, ankadumpha madontho a oilo, fayilo ili kukhwapa. Dzulo lake anawo anali atalowetsa galimoto zonse zenizeni za pagalajapo, ndipo yokonzedwa inali imodzi, kalole koyera ka bokosibode.

Tcheya anayankhula bwino, ndimupatse zake. Kenako anati, "Anti, dinani." Achemwali anapukuta chala pa siketi n'kudina. Pa kompyuta panalembedwa kuti uthenga wapita, ine n'kuomba m'manja monga anandituma.

Foni ya mwini galaja inalira. Asanamalize kuyankha, ya patebulo inaliranso, kenako ya makaniko wina panja. Tinkamva mawu akutuluka mufonimo: "Yakonzedwa bwanji? Dzulo simumati injini mwaitsitsa?" Posakhalitsa dalaivala wa takisi analowa pageti ali wefuwefu, akumwetulira, n'kupeza galimoto yake ili pa zitsa, yopanda tayala ngakhale limodzi. Uthenga unali utapita kwa aliyense.

Tcheya ndi wochenjera, ndipo sanachedwe. "Madamu, ndi netiweki," anauza mphunzitsi. "Masiku ano ikumamwaza mauthenga yokha. Ngakhale ine zinandichitikira."

Mwini galaja anayamba kale kutukwana netiweki, poti ndani amene alibe nayo mlandu. Mphunzitsi anakweza nsidze, koma cholembera sanachigwiritse ntchito. Tcheya anawatsinzinira achemwali diso. Khomo linali lotsegula, anangofunika kukhala chete n'kudutsa. Inenso mumtima ndinkati, akulu inu, tsekani pakamwa kamodzi kokha.

"Si netiweki," achemwali anatero. "Ndine. Ndinauza pulogalamu kuti itumize kwa amene ali m'menemo, koma sindinaiuze kuti isankhe mmodzi. Mizere imeneyo ndinalemba ndine, palibe wina anaigwira."

"Anti," Tcheya anatero motsitsa mawu.

"Madamu, mulembe bwino. Batani ndi langa."

Mphunzitsi analemba. Achemwali anavula jekete yawo ya tsiku lalikulu, n'kundipatsa kuti ndigwire, n'kukaima pageti. Masana onse anthu ankabwera, ena atasiya ntchito, ena atakwera mabasi awiri. Aliyense ankafunsa mokalipa kuti watumiza zopusazi ndani, ndipo aliyense ankalandira yankho limodzi: "Ndine, bambo. Pepani, ndinalakwitsa." Mayi wina anawauza kuti pa msinkhu wawo akanamalera zidzukulu m'malo moseweretsa anthu. Anapepesa, koma mutu sanaweramitse.

Gulu lonse linadulidwa malikisi. Tcheya, yemwe ankafuna kukhala woyamba m'kalasi, anasiya kuwapatsa moni kwa kanthawi, ndipo sindikumuda. Achemwali anapita kwa mphunzitsi kukapempha kuti chilango chikhale chawo okha. Mphunzitsiyo anati gulu ndi gulu, enawo anayenera kuyesa batanilo ndi galimoto zambiri. Zimenezi zinawapweteka achemwali kwambiri, ndipo anapepesa kwa mwana aliyense payekha. Koma kubweza mawu awo sanabweze.

Tsiku la chipwirikitilo, tili pa basi kubwerera, ndinawakalipira. Ndinati mwanayo amakupulumutsani, inu n'kumugwetsa m'matope pamodzi ndi anzake.

"Iwe," anatero akuyang'ana pawindo, "ndasenza zolakwa za eni zaka zonsezi, pakamwa ndili tseke. Lero ndapanga changachanga, choyamba, cha mutu wanga ndi manja anga. Ndiye munthu achitenge akachipatse netiweki?"

Ndinangowabwezera jekete yawo.

Teremu inatha, malikisi analembedwa, anawo anabalalika kukasaka ntchito. Panalibenso chowakakamiza, koma Loweruka lililonse achemwali ankapita kugalaja kuja. Mwini wake poyamba ankabisa chingwe cha kompyuta akawaona pageti. Iwo anagula chingwe chawo. Atatopa nawo, mwini galajayo anawaikira mpando wa galimoto yakufa pakona, n'kulamula kuti asadine kalikonse iye asanachoke pansi pa galimoto.

Masana ena ndikuluka kasitomala, foni yanga inalira m'thumba la epuloni. Ndinaitulutsa ndi zala zamafuta n'kuwerenga: "Galimoto yanu yakonzedwa, mutha kudzaitenga." Ine ngakhale njinga ndilibe.

Nthawi yomweyo achemwali anaimba.

"Walandira?"

"Ndalandira."

"Ndakuika pakati pa makasitomala onse, ndipo ndadina pa iwe wekha. Khala pa foni pomwepo, ndili pageti."

Ndinadikira, kasitomala wanga mutu uli theka. Ndinkamva nyundo ikugunda chitsulo, wailesi ya amakaniko, ndi achemwali akupuma. Foni ya mwini galaja sinalire, ndipo pageti sipanalowe munthu.

"Palibe wabwera," anatero. "Limenelinso ndi langa."