Phewa Langa ndi Chipolopolo cha .308

Ku England, lamulo silikulola kusaka mitundu yambiri ya agwape ndi chipolopolo chochepera .240, ndipo ukamapempha chiphaso cha mfuti ku polisi umayenera kutchuliratu kukula kwa chipolopolo chimene ukufuna. Nambala imeneyi ndi muyeso wa kunenepa kwa chipolopolocho. Sumangolowa m'sitolo n'kuloza. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu pamene lamuloli linandikhudza, ndipo manambala amene anandizunguza mutu anali awiri: .243 ndi .308.

Tinabwera ku Sheffield ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amayi anapeza ntchito ya unamwino pachipatala, bambo n'kuyamba kusamalira okalamba. Ku Malawi bambo anali mlonda wa nyama zakutchire, mmodzi wa aja amaitanidwa mvuu ikalowa m'madimba a anthu. Atakhala zaka zingapo akusambitsa ndi kudyetsa agogo achizungu, anapeza kalabu ya anthu owombera chandamale kumapiri, kupitirira kumene basi imakhotera. Anapita kukangoona, koma anabwerako akuimba nyimbo za kwaya m'bafa, zimene tinali tisanamve chifikire kuno. Patapita nthawi anapeza chiphaso, nagula mfuti yawoyawo ya .308.

Ine ndinayamba kupita nawo chifukwa Loweruka lambiri amayi ankakhala ku ntchito, ndipo bambo sankafuna kundisiya ndi wailesi yakanema tsiku lonse. Kumeneko anandigoneka chafufumimba pa kamphasa, kundiveka zotseka m'makutu, n'kundipatsa kamfuti ka .22. Kameneka kamangoti phwa, ngati wathyola kamtengo kouma, ndipo sikakankha phewa. Ndinakazolowera msanga. Pofika chaka chachiwiri, mabowo anga papepala ankakhala pamodzi ngati nyemba m'dzanja.

Ku kalabuko kunali a Geoff, mlimi wa nkhosa, munthu wamtali wosakonda kuwononga mawu. Ankabwera ndi fulasiki ya tiyi, kapu yadothi, ndi kambale kake ka pansi pa kapu, zonse zitakulungidwa m'thaulo. Agwape ankawadyera timitengo timene anabzala m'mphepete mwa munda, ndipo nyengo yachisanu iliyonse bambo ankapita kukawathandiza kuwachepetsa. Tsiku lina a Geoff anaima kumbuyo kwanga, anaonerera, kenako anauza bambo kuti mtsikanayu akhoza kubwera nawo ku uzimba.

"Koma ayambe wandionetsa," anatero, akukweza kambale kaja. "Zipolopolo zitatu, mamita zana limodzi, mabowo onse abisike pansi pa aka. Ndi chipolopolo chomwe adzasakire. Pamunda panga sindifuna nyama yothawa ndi bala."

Anati adzandiyesa masamba a mitengo akayamba kuyoyoka, ndipo ndikalephera tidzaonana chaka chamawa. Kwa munthu wa zaka khumi ndi zisanu, chaka chamawa n'chimodzimodzi kunena kuti iwalako.

Tsono panatsala kusankha. Bambo anabweretsa kunyumba zigoba ziwiri za zipolopolo zowombera kale, nazikhazika patebulo la kukhitchini pafupi ndi botolo la shuga. Anandionetsa kuti chigoba cha .243 n'chimodzimodzi ndi cha .308, anangochichepetsa kukamwa. Kansonga kamene kamauluka n'kopepuka, motero mfuti sikankha kwambiri. Ine ndinamva zonsezo, koma maganizo anga anali atapita kale kwina.

M'nyumba mwathu munali lamulo lina, loposa la Aingelezi. Ndikabwera ndi malikisi 92 kusukulu, amayi ankafunsa kuti asanu ndi atatu enawo apita kuti. Mwana wa munthu amene anasiya kwawo, ankatero, sakhala pa pasi maki.

"Ndasankha .308, Adadi," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Lamulo likuti .240. Ndikatenga .243 ndiye kuti ndangodutsa ndi atatu."

Amayi anali pakona akusita yunifolomu. Sanatembenuke n'komwe. "Apo mwana wanena zanzeru."

"Mayi a Thoko, gwape si mayeso."

"Kuno zonse ndi mayeso, bambo a Thoko. Inu simunazindikirebe?"

Bambo anatola zigoba zawo n'kuziika m'thumba. "Chabwino," anatero. "Mfuti ya .308 ilipo kale. Ukaiyese."

Nkhani inafika ku tchalitchi ine ndisanafike. Pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, anti Esnart, mnzawo wa amayi amene ankagwira nawo wodi imodzi, anandigwira dzanja mandasi ali kukamwa.

"Mlenje wathu! Chiwindi n'changa, ndanena ine poyamba, mboni zilipo."

Amayi ena anati iwo matumbo okha awakwanira, poti azungu amangotaya. Mkulu wa mpingo anafunsa mwaulemu ngati mutu unali ndi mwiniwake kale. Pamene tinkakwera tiramu, kasitima ka m'tauni, kubwerera, gwape yense anali atagawidwa, mwiniwake akudyabe timitengo ta a Geoff.

Loweruka lotsatira ndinagona pa kamphasa ndi mfuti ya bambo. Udzu unali wonyowa, mphepo ikuchokera kumapiri ndi fungo la ndowe za nkhosa. Ndinaika diso pa kagalasi koonera patali, ndinapuma monga anandiphunzitsira, n'kukhethemula. Ndinamva ngati munthu wandimenya ndi chitseko paphewa. Mano anagundana, fungo la wonga linalowa mpaka kukhosi. Koma bowo linali pakati penipeni pa chandamale, ndipo ndinayang'ana bambo monyada.

Limenelo linali bowo labwino lomaliza. Lachiwiri linagwera pansi, lachitatu pansi kwambiri chakumanzere. Sabata yotsatira zinali zomwezo, ndi inzake. Kuti mabowo anga abisike pakanafunika beseni losambitsira mwana. Ndinati ndi mphepo. Ndinati kagalasi kasuntha. Bambo sanatsutse, anangotenga mfutiyo, anagona pamalo pomwepo mphepo ili yomweyo, naika zitatu pamodzi moti ukanaziphimba ndi chivindikiro cha botolo. Kenako anandibwezera.

Phewa linali litatupa n'kuda bii, ndipo chikwama cha kusukulu ndinkachinyamulira kumanzere. Koma kusintha sindinafune. Ndikanakawauza chiyani anti Esnart, kuti ndatsika kalasi?

Loweruka lina, masamba atayamba kufiira, bambo anandiuza kuti tsiku limenelo aziika okha zipolopolo mumfuti, ine nditayang'ana kumbali. Anatsamiritsa foni yawo pa chikwama, itayang'ana nkhope yanga. Ndinaganiza kuti akufuna kutumiza kanema kwa achibale ku Malawi, moti ndinakonza chipewa.

Choyamba chinalira. Chachiwiri chinalira. Pa chachitatu ndinakhethemula, mfuti inangoti khe, basi. Munalibe wonga, chinali chipolopolo chabodza, chapulasitiki, cha zoyeserera. Koma mpope wa mfuti unali utagwadira pansi, phewa langa litathamangira kutsogolo, ndipo kunali mdima chifukwa maso anga onse awiri anali otsinzina.

Kanemayo tinaonera m'galimoto tikudya tchipisi. Bambo anaibweza katatu kapena kanayi, akuseka mpaka kutsamwa.

"Taona, taona! Mfuti ili phee, iwe ukumenyana nayo. Nkhope ngati wamwa kwinini!"

"Adadi, fufutani."

"Ndifufute bwanji? Amayi ako sanaone."

Ndinakwiya, makamaka chifukwa nanenso ndinkafuna kuseka. Pa kanemapo zinkaoneka bwinobwino: chala chisanamalize kukoka, thupi lonse linali litayamba kale kudziteteza ku chibakera chimene linkayembekezera. Chipolopolo chinkatuluka mfuti itasuntha kale. Ine sindinkadziwa, poti kulira ndi kukankha kwa mfuti kunkabisa zonse.

"Koma inu ku Malawi munkawombera yaikulu kuposa iyi," ndinatero.

"Ya mvuu imeneyo. Mvuu khungu lake ndi tayala la thirakitala. Ndipo sindinaisankhe ine, anangondipatsa." Anapukuta mchere m'manja. "Ukuganiza ndinkaikonda? Khutu ili silimva bwino, amayi ako amati ndimawanyozera, koma ndi mfuti imeneyo. Gwape wa Geoff sakwana n'komwe mbuzi ya pa chinkhoswe. Safuna zonsezo. Amafuna kuti chipolopolo chigwere pamalo pake, afe osadziwa. Chikagwera pamimba, kaya ndi .308 kaya ndi bomba, wamuzunza."

Ndinafunsa ngati ndingayese ya .243 sabata yamawa.

"Ayi," anatero. "Mantha alowa kale m'thupi. Ukawatengera ku mfuti inayo."

Anandibweza ku kamfuti ka .22, pamzere umodzi ndi ana ongoyamba kumene. Mnyamata wina wamng'ono kwa ine anandifunsa ngati ndikufuna andionetse kagwiridwe kake. Ndinapirira. Bambo ankasakaniza zipolopolo zabodza ndi zenizeni, ine osadziwa kuti chikubwera n'chiti, mpaka tsiku limene mfuti inati khe, mpope osasuntha, diso langa likuonabe pakati pa chandamale. Pamenepo m'pamene anakabwereka mfuti ya .243 kwa mayi wina wa ku kalabu. Inkalira mokweza ndithu, ndipo inkakankha, koma ngati mnzako akukugwedeza kuti tiye, osati ngati mdani. Kwa nthawi yoyamba ndinaona ndi maso anga bowo likubadwa papepala.

Tsiku la mayeso kunali chifunga m'mawa, ndipo tinadikira kuti chichoke. A Geoff anakhala pa mpando wawo wopinda, kapu m'manja. Manja anga anali ozizira. Ndinawombera choyamba, ndinapuma, chachiwiri. Pa chachitatu ndinamva mtima ukugunda m'khosi, ndinachotsa chala, ndinapumanso, kenako ndinakhethemula. Ndinadziwa kuti chapita pang'ono kumanja.

Tinayenda atatu kupita kuchandamale, nsapato zikulira m'matope. Mabowo awiri anali moyandikana. Lachitatu linali patali nawo, motalikirana ngati zala zinayi. A Geoff anakhuthulira pansi madontho a tiyi amene anali pa kambale, anakapukuta pa jekete, n'kukaika papepala. Bowo lachitatu linasuzumira m'mphepete. Anakasuntha pang'ono kumanja. Ndinayang'ana kumanzere, kuopa kuti awiri aja atulukira. Sanatulukire. Pepala lonse lozungulira kambaleko linali loyera.

A Geoff anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Udzavale nsapato zenizeni. Kwathu kuli matope kuposa awa."

Bambo anakuwa ngati timu yawo yagoletsa, nayamba kuvina pomwepo m'matopemo, mapewa akugwedezeka. A Geoff anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kubwerera ku tiyi wawo.

Pa pempho la ku polisi tinatchula .243. Chiphaso chinachedwa, moti ndinakalowa m'munda wa a Geoff chisanu chili pafupi kutha. Gwape anatulukira m'mphepete mwa timitengo, anaima chammbali, ndipo anagwa pamene anaimapo, ndi chipolopolo chimodzi. Sindinakuwe. Ndinamugwira pakhosi akadali wofunda, ndipo ndinathokoza kuti maso anga anali otsegula.

Panopa ndili ndi zaka zopitirira makumi awiri, ndipo ndimawomberanso chandamale chakutali, kumene mphepo imakankhadi chipolopolo ndipo cholemera chili ndi ubwino wake. Sindinena kuti chaching'ono chimaposa chachikulu. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti posankha chipolopolo umafunsa nyama imene ukufuna, umafunsa mtunda, kenako umafunsa thupi lako, ndipo pa atatuwa thupi ndi limene silinama ngakhale pakamwa pakunama. Malire a lamulo sanaikidwe kuti tipikisane kuwapitirira. Anaikidwa kuti gwape asazunzike, ndipo amene wawadutsa pang'ono koma akulasa pamalo pake wachita zimene lamulolo linkafuna.

Mwezi wathawu bambo anandiimbira foni. Anazungulira, anafunsa za ntchito, za lendi, za mvula, kenako anati phewa lawo lakumanja layamba nyamakazi, zaka zonse zija zonyamula okalamba, ndipo ku kalabu mabowo awo ayamba kugwera pansi. Anafunsa ngati angayeseko mfuti yanga.

"Mukufuna kutsika kalasi, Adadi?"

"Iwe, usayambe. Ndipo usawauze amayi ako."

Anaiyesa, inawakomera, ndipo apempha kale ku polisi kuti asinthe .308 yawo ndi .243. Yankho likuyembekezeka nyengo yosaka agwape aakazi isanatsegulidwe mu Novembala.